Mpikisano wa maboti aliwiro pa nyanja yamchere: dolo woposa onse ndani?

Makanika_Luwinga

Akuluakulu, ndikudziwa kuti ambiri muno mutu uli pa mpira, koma mundilole lero ndibweretse nkhani ina. Ine ndimakonza mainjini a maboti. Kashedi kanga kali ku Luwinga, ndipo ma Yamaha a asodzi a ku Nkhata Bay ndi ku Usisya amandipeza komweko atakulungidwa m'masaka. Mphwanga amene ndikumuphunzitsa ntchito ndiye anandizoloweza kuonera pa YouTube mipikisano ya maboti othamanga pa nyanja yamchere, ndipo pano takanganapo mpaka sipanala kuiwalika pansi.

Iye akuti palibe woposa Don Aronow wa ku America. Zifukwa ali nazo. Munthuyo anatenga ukatswiri wa dziko lonse mu 1967 ndi mu 1969, ndipo makampani a maboti amene mpaka lero amatchuka, monga Formula, Donzi, Magnum ndi Cigarette, anayambitsa ndi iyeyo ku Miami. Ngakhale George Bush wamkulu anali ndi boti la Cigarette. Koma ine ndikuona kuti chimene chamutenga mtima mnyamatayu ndi imfa ya Aronow, poti anamuwombera ali m'galimoto lake pa 3 February 1987, mumsewu womwewo umene munali mafakitale ake. Achinyamata nkhani ya mfuti ndi ndalama amaikonda.

Wanga ine ndi Fabio Buzzi wa ku Italy. Uyu boti ankajambula yekha, kulipanga pa kampani yake ya FB Design, mainjini a Seatek anali ndi dzanja lake, kenaka n'kukwera yekha kukapikisana. Mu 1988 anzake ambiri akudalira petulo, iye analowa ndi boti lotchedwa Cesa 1882 la mainjini anayi a dizilo n'kutenga ukatswiri wa dziko lonse. Amene munanyamulapo injini ya dizilo mukudziwa kulemera kwake. Kuti chinthu cholemera choncho chipitirire maboti a petulo pamafunde, pamafunika mutu, osati mtima wokha. Boti lomwelo analisintha dzina kukhala Gancia dei Gancia, ndipo mu 1989 Stefano Casiraghi, mwamuna wa Caroline mwana wa mfumu ya ku Monaco, anapambana nalo ukatswiri womwewo. Patapita zaka 20 chipambanire koyamba, mu 2008, Buzzi analitulutsanso likutchedwa Red FPT n'kupambana mpikisano wa Cowes-Torquay-Cowes ku England. Kwa ine wogwira sipanala, chinthu chimene chagwira ntchito zaka 20 n'kumapambanabe ndiye umboni wonse.

Inu mukuti bwanji? Amene mumatsata zimenezi tithandizeni, mwina mnyamatayu angamve kwa ena.

Mwana wa ku Chintheche

A Makanika, nonse awiri mwaphonya. Mukuyang'ana wopanga boti, mwaiwala amene amalisunga kuti lisagubuduke. M'maboti a Class 1, gulu lapamwamba pa mipikisanoyi, mumakhala anthu awiri: wina wa chiwongolero, wina wa moto, amene amati throttleman. Boti likuthamanga makilomita oposa 200 pa ola silikhala m'madzi nthawi zonse, limadumpha kuchoka pa funde ili kukagwera pa linalo. Likangouluka, pulopela imazungulira m'malere, ndipo wa motoyo akachedwa kubweza dzanja injini imalira mopitirira n'kuphulika. Likamatera ayenera kubwezeranso moto nthawi yomweyo, apo ayi anzake amudutsa. Azichita zimenezo funde lililonse mpaka mpikisano kutha. Kwathu pa usodzi wa usipa mwini boti ndi mwini chilimira amatchuka, koma aliyense amadziwa kuti nsomba zili m'manja mwa siginala.

Ndiye dzina langa ndi Steve Curtis wa ku England. Pofika 2006 anali atatenga ukatswiri wa dziko lonse wa Class 1 kasanu ndi katatu, koyamba mu 1985. Kambiri anali ndi Bjørn Rune Gjelsten m'boti la Spirit of Norway. Aronow kawiri, Curtis kasanu ndi katatu. Masamu ake ndi ovuta pati?

Makanika_Luwinga

Achimwene a ku Chintheche, za dzanja la moto simukunama. Ndimalandira mainjini opsa chifukwa cha anyamata amene sabweza moto boti likadumpha pa mwera. Koma Curtis ankakwera maboti a mimba ziwiri, ndipo mipikisano yambiri ya m'nthawi yake inali yozungulira pafupi ndi gombe kuti anthu aziona. Akale aja ankapita kutali osaona mtunda, atangodalira kampasi. Zikho zake ndazilemekeza, koma si nyanja imodzi.

NyaGondwe wa ku Katoto

Abambo inu mwatchulana amuna okhaokha ngati Betty Cook kunalibe. Mayi ameneyu anayamba mpikisano ali ndi zaka za m'ma 50, msinkhu umene ena a inu mumadandaula msana mukangokwera minibasi ya ku Nkhata Bay pa makhona aja. Ndi boti lake la Kaama anatenga ukatswiri wa dziko lonse mu 1977 ndi mu 1979, ndipo mu 1978 anapambana Cowes-Torquay. Kawiri, chimodzimodzi Aronow wa mphwanuyo. Nthawi imeneyo munalibe mipando yofewa, ankathamanga choimirira, maondo ndi amene ankalandira funde lililonse. Sindikuti ndiye woposa onse, koma mndandanda wopanda iye ndi wabodza.

Madala a ku Chiputula

Ine ndakalamba, zothamangazi sindizitsata kwenikweni, koma ndakwera Ilala kuyambira ndili mnyamata ndipo mafunde a pakati pa Nkhata Bay ndi Likoma ndimawadziwa. Funso lanu ndaliona chonchi: anthu onse mwatchulawa anakwera pa nzeru ya ndani?

Kale maboti aliwiro anali osalala pansi chakumbuyo. Pa madzi odekha ankathamanga bwino, koma pa mafunde ankamenyetseka mpaka matabwa kuthyoka. Ray Hunt ndiye anajambula boti la pansi posongoka ngati chilembo cha V kuyambira kutsogolo mpaka kumbuyo, kuti lizicheka funde m'malo moligunda ndi chifuwa. Dick Bertram anapangitsa boti lotero la mafiti 31, n'kulitcha Moppie, dzina lachibwana la mkazi wake. Mu 1960 iye ndi Sam Griffith analowa nalo mpikisano wochoka ku Miami kupita ku Nassau ku Bahamas, mtunda wa makilomita pafupifupi 300, nyanja itakwiya. Anafika m'maola 8, ena ambiri osamaliza n'komwe tsiku limenelo. Kuchokera apo aliyense anayamba kupanga maboti a V, Aronow yemwe. Ndiye mwana wanga wa ku Luwinga, ngati ukulemekeza mutu osati mtima monga wanenera, bwanji sunatchule Hunt?

China ndinene. Masewera amenewa adya anthu. Casiraghi amene mwamutchulayo anafera pa mpikisano mu October 1990 pafupi ndi kwawo ku Monaco. Didier Pironi, amene anapulumuka ngozi yoopsa pa mpikisano wa magalimoto wa Formula 1, anakafera m'boti mu 1987 ku Isle of Wight ku England. Ife a kunyanja tikamva zotere sitiombera m'manja msanga.

Makanika_Luwinga

Madala, apa mwandigwira pakhosi. Hunt ndi tate wa onsewa, sindikana. Chimene ndikumusiyira n'chakuti ntchito yake inali yojambula, zikho anatenga ndi ena. Funso langa linali la munthu amene anagwira zonse, pensulo, sipanala ndi chiwongolero.

Za imfa mwanenazo zinamupezanso Buzzi. Pa 17 September 2019, ali ndi zaka 76, anamaliza ulendo wochoka ku Monte Carlo kuzungulira Italy yense mpaka ku Venice m'maola osakwana 19, n'kuphwanya mbiri ya ulendowo. Atangofika, usiku, boti linagunda khoma la miyala lotchinga mafunde polowera ku Lido, ndipo anafa pamodzi ndi anzake awiri. Mphwanga akuti nkhalamba ya zaka zimenezo inkafunanji pa liwiro lotero mumdima, ikanakhala pakhomo n'kumalera zidzukulu. Pamenepo sindinamuyankhe, chifukwa mwina akunena zoona.

Mayi NyaGondwe, Betty Cook ndamuika wachiwiri, pamwamba pa Aronow. Mnyamatayu wawerenga zonsezi pafoni yanga ndipo wakana kusintha, akuti Cigarette ikugulitsidwabe mpaka lero ndiye nkhani yatha. Ndamuuza akatsuke kabuleta ya Enduro 40 ili apayi, mwini wake akubwera mawa kuchokera ku Usisya.