Nkhuku zanga zikutha, thandizeni

Membala wobisa dzina: Abale nkhuku zanga zikungofa, zimayamba kuwodzera mapiko ali zende, zitosi zobiriwira, zina khosi lapindika. Aneba samatsekera zawo zimangodya gaga wanga ndikalankhula akuti ndine wamwano, apongozi nawo anapha tambala wanga wamkulu osandipempha. Kushopu andigulitsa mankhwala a oxytetracycline koma palibe chasintha. Nditani?

Madala a ku Dedza: CHITOPA ICHO!! Sinjani alovera ndi tsabola wa kambuzi muike mmadzi akumwa basi. Ine zanga zinachira. Mankhwala akushopu ndi bizinesi chabe mayi.

Mai a Tadala: Munabayitsa katemera? Zili ndi miyezi ingati? Mwagulako nkhuku yachilendo posachedwapa?

Jah Bless: Apongoziwo ndiye anadziwiratu, anapulumutsa tambala kkkkk

Mlangizi wopuma: A Madala, zinachira zingati pa zingati? Chitopa chikalowa mkhola zina zimapulumuka zokha ngakhale osazipatsa kanthu. Kuti tidziwe ngati alovera wagwira ntchito mpofunika kufananiza ndi khola lina lomwe silinamwe. Komanso chitopa ndi vayirasi, oxytetracycline amapha mabakiteriya, nchifukwa chake sizikusintha.

Madala a ku Dedza: Inu asukulu mumavuta. Agogo athu ankaweta nkhuku labotale kulibe!!

Mlangizi wopuma: Ndipo chaka chilichonse kukatentha makola ankatsala mbee, afunseni.

Nachisale: Ine zanga zinatha chonchi, ndalama za kubanki mkhonde zonse zinalowa mmadzi, mpaka lero amayi ena apagulu sandilankhula. Nkhuku ndi mtima wolimba.

Mai a Tadala: Katemera wa chitopa wotchedwa I-2 amapangidwa ku Central Veterinary Laboratory ku Lilongwe, dontho limodzi m'diso miyezi 4 iliyonse. Koma ndiwoteteza, yodwala kale sachiza. Patulani zodwalazo, zakufa mukwirire kapena kuwotcha, musagulitse chonde. Imodzi yongofa kumene mupite nayo kwa alangizi a ziweto akaing'ambe aone, khosi lopindika lokha sitingagamule pa foni.

Madala a ku Dedza: Transipoti yopita kwa alangizi ndi mtengo wa nkhuku yina. ALOVERA NDI WAULERE. Onjezeraninso phulusa.

Jah Bless: Madala mukuchiza nkhuku kapena mukuphika thelere?

Membala wobisa dzina: Zikomo nonse. Koma za anebawa mukuti ndipite kwa amfumu kapena?

Mai a Tadala: Mayi tayankhani kaye, katemera munapereka kapena ayi??