BP ya amayi siikutsika, mapazi atupa, ndipange bwanji?

Moni nonse mugulu muno, chonde ndithandizeni nzeru ndasowa pogwira. Amayi anga ali ndi zaka 58, mwezi wathawu kukiliniki komwe timapita anawapeza ndi BP ya 164/102 nkuwapatsa amlodipine 5mg kuti azimwa kamodzi patsiku. Pano akakolo ayamba kutupa makamaka madzulo, ukadina ndi chala pamatsala kadzenje, nsapato zomwe amavala tsiku lililonse sizikulowanso.

Tabwererako kawiri. Koyamba anati adokotala kulibe, kachiwiri tinakhala pamzere mpaka masana, anangowayeza nkulemba 150/95 m'buku, kutupako sanakuone nkomwe. Ndinapempha awayeze shuga ndi impso poti amayi awo anadwala shuga, anati abwere osadya maola 8, tapita m'mamawa ali ndi njala akuti zoyezera zatha, mtima unandiwawa kuwaona akunjenjemera pabenchi.

Ndinagula kamakina ka BP, ndimawayeza m'mawa ndi madzulo atapuma mphindi 5 ndipo ndimalemba zonse, mchere tachepetsa, koma sinatsikepo pansi pa 140/90.

Ndiye funso langa, kutupaku ndi mankhwalawa kapena ndi mtima kaya impso? Sindikufuna asiye kumwa paokha. Alipo anasinthidwapo mankhwala chifukwa chotupa mapazi? Nanga kalata yotitumiza kuchipatala chachikulu ndiipemphe bwanji kuti andimvere, ndikaonane ndi ndani pakilinikipo? Anamwino ndi madokotala muli muno chonde ndiyankheni.