Makapasita a polima pa bodi yakale: ndigule kapena n'kutaya ndalama?

Wasolda_Wakale: Akuluakulu, ndipatseniko nzeru. Ndili ndi bodi ya kompyuta yakale, makapasita 8 (tizitini tija tosunga magetsi) ozungulira purosesa atupa pamwamba, awiri afika potulutsa madzi a bulawuni. Ndikufuna kusintha onse. Olimba aja a polima akudula kuwirikiza katatu poyerekeza ndi amadzi wamba. Ndi oyeneradi mtengowo?

Ndinapusitsidwa: Achimwene mwanditokosa pachilonda. Ine ndinaitanitsa paketi ya 50 pa intaneti, chitini chowala bwinobwino, chopanda timizere tija tapamwamba ta makapasita amadzi, wogulitsa analemba kuti ndi polima weniweni. Miyezi iwiri yokha kamodzi kanaphulika. Ndinadula kena ndi pulayazi, mkati muli pepala lonyowa lonunkha ngati amadzi onse. Anangowaveka jekete la polima. Ndikamulembera uthenga sayankha mpaka lero.

Injiniya_Wamkulu: Zimenezo zimagwera anthu okonda zotchipa kkkk. Ine pabenchi panga sipafika zachabechabe, ndi Panasonic kapena Nichicon basi. Mabodi amene ndakonza sindingawawerenge, palibe ndi imodzi yomwe yabwerera. Polima safa, amayendetsa magetsi ngati kopa.

MayiKemisiti: A Injiniya, ngati kopa ayi, musatinamize. Kopa imafika pafupifupi 600,000 S/cm (muyezo wa mmene chinthu chimayendetsera magetsi), pomwe PEDOT, polima ya m'makapasita amenewa, ikakonzedwa bwino imasewera m'mahandiredi kapena masauzande ochepa. Koma muiyerekeze ndi madzi a m'kapasita wamba, osati ndi waya. M'madzimo magetsi amanyamulidwa ndi maayoni, omwe amayenda mwaulesi, ndipo kukazizira amachita ulesi kwambiri. Mu polima amayenda ndi maelekitironi enieni. Unyolo wake wa kaboni uli ndi zomangira zosinthana, chimodzi, ziwiri, chimodzi, ziwiri, ndiye maelekitironi ena sakhala pa atomu imodzi, amafalikira mu unyolo wonse. Mukachotsapo ena mumatsegula mipata, magetsi n'kuyamba kudutsa. Shirakawa, MacDiarmid ndi Heeger anaonetsa zimenezi mu 1977 pa polima yotchedwa polyacetylene pogwiritsa ntchito ayodini, ndipo analandira Nobel mu 2000. N'chifukwa chake ESR (kutsekereza magetsi kwa mkati mwa kapasita) ya polima imatsika kufika mamiliohm makumi ochepa kapena kucheperapo, kapasita satentha kwambiri, komanso mulibe madzi oti aume.

Injiniya_Wamkulu: Ndiye mwangonena zomwe ndanena ine, koma motalikitsa.

Zotolatola: Inu bwanji mukudzivutitsa? Pezani bodi yakufa ya zaka zaposachedwapa, kapena khadi la zithunzi (graphics card) lomwe linapsa, muzulemo. Ambiri amakhala amoyo. Ulere. Ine sindinagulepo kapasita wa polima chibadwire.

Ndinapusitsidwa: Bola zimenezo, n'zoona sangakubereni munthu wakufa.

Wasolda_Wakale: A Zotolatola, ndinayesapo, miyendo imatsala yaifupi ndipo bodi za magawo ambiri zimameza kutentha, ndinang'amba njira ziwiri zamagetsi pabodipo. Komanso mtengo ndanena uja mwina ndakokomeza, kwina ndaona ndi kuwirikiza kawiri.

Kamnyamata_ka_mita: kawiri kuti? ine ndimaona kasanu

MayiKemisiti: Ndibwerere pa mawu aja akuti safa. Amafa, koma mwakachetechete, satupa. Polyacetylene ija inali yosathandiza pamalonda chifukwa mpweya unkaiwononga msanga. PEDOT, yomwe inapangidwa ndi a Bayer cha kumapeto kwa zaka za m'ma 1980, inapambana chifukwa cha kapangidwe kake: mphete iliyonse ya mu unyolo wake, yotchedwa thiophene, ili ndi malo awiri, 3 ndi 4, otsekedwa ndi maatomu a okosijeni, ndiye mphete yotsatira imangolumikiza pa 2 ndi 5. Unyolo umatuluka wowongoka, wopanda nthambi, ndipo maunyolo amasanjikizana bwino moti elekitironi imadumpha mosavuta kuchoka pa wina kupita pa mnzake. Koma kuwongoka komweko kumauumitsa. Susungunuka ngati pulasitiki wa ndowa, ndipo ukapindidwa umathetheka. Opanga amaupangira mkati mwa kapasita momwemo, kapena amausakaniza ndi polima ina yotchedwa PSS kuti uyandame m'madzi. PSS payokha siyendetsa magetsi ndipo imakoka chinyezi. Kutentha ndi chinyezi zikalowa kwa nthawi yaitali, unyolo umawonongeka, ESR n'kumakwera pang'onopang'ono inu osadziwa.

Zotolatola: Mwaona? Ogula ndi otola tonse tidzalira limodzi kkkk

MaliroAmaAmp: Ine ndingochenjeza. Ndinaika a polima pa kabodi kena komwe kanali ndi regulator (kachipangizo kokhazikitsa volteji) yakale ya mtundu wa LDO, volteji inayamba kuvina. Ma regulator ena akale amafuna ESR ikhaleko pang'ono kuti akhazikike. Ndinabwezera wamadzi, zonse zii. Komanso a polima amadontha magetsi kwambiri kuposa amadzi, musawaike pa dera loyeza nthawi. Ndipo pa 400V ya power supply paja musalote, ambiri amathera pa 25V kapena 35V.

Injiniya_Wamkulu: Mukanabweretsa kwa ine sizikanavina.

MayiKemisiti: Pa bodi ya a Wasolda malo ake ndi ozungulira purosesa, volteji yotsika, kutentha kwambiri, magetsi ogwedera mofulumira. Pamenepo polima ndi kwawo. Wamadzi moyo wake umawirikiza kawiri mukatsitsa kutentha ndi madigiri 10, wa polima opanga ambiri amawerengera kuwirikiza ka 10 pa madigiri 20. Funso n'lakuti bodiyo mukufuna ikhale zaka zingati.

Kamnyamata_ka_mita: bodi ya chaka chanji kodi? ngati ndi ya 2003 kapena 2004 ija ya mliri wa makapasita otupa ingoitayani bwana

Wasolda_Wakale: Ndi ya nthawi imeneyo ndithu, koma imayendetsa makina ena omwe pulogalamu yake siigwira pa kompyuta zatsopano. Kutaya ayi. Ndiye ndigule kapena ayi? Mpaka pano sindinamve yankho.

Injiniya_Wamkulu: Gulani.

Zotolatola: Musagule.

Ndinapusitsidwa: Mukafuna ndikugulitseni anga 48 otsalawa, ndikuchotserani.