Thandizeni: nzama za amayi zikufumbwa, msika ndiupeza kuti?

Wobisa dzina:
Abale anga, mtima suli m'malo. Chimanga chitapsa ndi ng'amba ya 2024, amayi kumudzi anayamba kudalira nzama, ndipo chaka chino zabereka bwino. Koma mavenda akabwera amangofunsa soya ndi mtedza. Achimwene amene amakhala pafupi ndi amayi sathandiza kalikonse, chawo n'kutapa m'nkhokwe basi. Alamu anga akukana ngakhale kusenda, akuti nzama amalima ndi mayi amene anaikapo mwana m'manda. Ine kuno lendi ikundivuta, fizi ya mng'ono wanga wa Fomu 3 sindinalipire, amuna anga ntchito inatha. Tsopano anankafumbwe alowa. Ndichite bwanji?

Mayi wa ku Lizulu:
Pepani achemwali. Amayiwo ali boma liti? Ndi matumba angati? Zosenda kapena za m'makoko?

Wakale pa nandolo:
MUSAVUTIKE. Mbewu imene boma silikuilabadira ilibe msika, basi. Ife anatiuza kuti nandolo ndi golide, tinadzala munda wonse. Mu 2017 dziko la India litachepetsa nandolo wolowa kwawo, mtengo unagweratu, ndinagulitsa njinga kuti ndibweze ngongole. Ngati nandolo amene amapita kunja anatigwetsa, nanga nzama?

Mphunzitsi wopuma:
Akulu, nandolo wanu ankadalira wogula mmodzi wakunja. Nzama timadya tokha, zophika ndi mchere kapena ngati ndiwo. Sizifuna feteleza, zimapirira dzuwa, ndiponso zimakonza nthaka ngati mtedza.

Wakale pa nandolo:
Kudya ndi kugula n'zosiyana, aphunzitsi. Wa mtauni ndani angathe makala kuphika nzama maola onsewo? Mu 2023 a United Nations anati ndi chaka cha mawere ndi mapira. Inu munaona mlimi amene anamanga nyumba ya malata ndi mawere?

Wa thobwa ku Mzuzu:
Ine mawere ndimachita kuwasaka, akulu, ndipo ndimagula modula kuposa chimanga. Thobwa lopanda chimera cha mawere makasitomala salimwa. Musamanyoze zomwe simulima.

Mnyamata wa kabaza:
Kkkk tumizani kuno nzamazo, tiona ngati zifike mawa.

Agogo a mapasa:
Mwana wanga, nkhani za achimwene ako ndi alamu ako sizobweretsa pagulu. Kakambiraneni kumudzi. Koma zoti nzama zimapha ana ndi zikhulupiriro chabe, ine ndalima kuyambira ndili mtsikana.

Mayi wa ku Lizulu:
Zimene sizinasendedwe zisiyeni m'makoko momwemo, sizifumbwa msanga. Zosendazo muziyanike ziume gwa, musankhe zoboola, muike m'matumba a PICS, aja osalowa mpweya, n'kumanga zolimba. Musagulitse pa thumba kwa venda. Zitengereni mtauni muziyeza pa kapu kapena m'timapepala, mitundu payokhapayokha, zoyera pazokha, zofiira pazokha. Zina sungani, mvula ikayandikira anthu amasowa mbewu.

Wakale pa nandolo:
Nanga thiransipoti alipira ndani? Mukunamiza mwana wa eni. Ine ndinalowapo kopaletivi, atsogoleri anadya ndalama, mpaka lero sindinalandire kanthu.

Mphunzitsi wopuma:
Kopaletivi yanu ikalephera si ndiye kuti zonse n'zoipa. Wogula wamkulu safuna ndowa ziwiri, amafuna katundu wambiri pamalo amodzi. Mukafuna kugaya ufa woti ulowe m'sitolo zikuluzikulu, pafunika chiphaso cha bungwe loona za ubwino wa katundu la Malawi Bureau of Standards, ndipo munthu mmodzi payekha zimamulemera. Amayiwo akaonane ndi alangizi a zaulimi a m'dera lawo, amadziwa magulu amene alipo.

Wobisa dzina:
Zikomo nonse. Agogo, ndamva, koma achimwenewo anagulitsanso mbuzi ya amayi osawauza, ndiye ndikhale chete?

Wakale pa nandolo:
Auzeni amayi chaka chamawa adzale soya.

Mayi wa ku Lizulu:
Achemwali, za mbuzi tamva. Ine ndili ndi benchi pamsika, ndikhoza kutengako ngati sikutali. Tiuzeni boma lake ndi kuchuluka kwa matumba.