Chithunzi cha chigwa choyera chomwe ndagula ku Area 10

Wofunsa wa ku Area 47:
Moni nonse. Loweruka lapitali ndinagula chithunzi cha mufelemu kwa banja lina lomwe limagulitsa katundu ku Area 10 pokonzekera kubwerera kwawo ku Ulaya. Chikuonetsa chigwa chodzaza ndi chinthu choyera chong'alukang'aluka ngati dambo la mu Okutobala, ndipo m'mphepete mwake mwaima tianthu tiwiri togwira ndodo. Pansi palembedwa kuti "Mer de Glace, Chamouni". Kodi choyeracho ndi mtsinje? Nanga ndingadziwe bwanji ngati chithunzichi n'chakaledi? Pepala lake lili ndi timadontho tofiirira.

Mphunzitsi wopuma wa ku Kawale:
Bambo, ndi mtsinje ndithu, koma wa madzi oundana. Chipale chofewa chikaunjikana pamwamba pa phiri kwa zaka zambirimbiri, chimatsindirana n'kulimba gwa, kenaka chimatsetsereka pang'onopang'ono chifukwa cha kulemera kwake, ndipo ming'alu mwaionayo imabwera pomwe chikudutsa pamatanthwe osalingana. Malowo ali ku France, pafupi ndi tauni ya Chamonix ("Chamouni" ndi kalembedwe kake kakale), m'munsi mwa Mont Blanc, phiri lotalika mamita oposa 4,800 (Sapitwa wathu ku Mulanje ndi 3,002). Cha m'ma 1850 madzi oundanawo ankafika m'chigwa momwe mumakhala anthu, koma lero anabwerera m'mbuyo makilomita oposa awiri chifukwa cha kutentha kwa dziko. N'chifukwa chake asayansi amayerekeza zithunzi zoterezi ndi momwe malowo alili tsopano.

Mayi wojambula wa ku Area 18:
Aphunzitsi afotokoza bwino. Tianthu tija anatichepetsa dala, pakuti ojambula a nthawi imeneyo, monga J.M.W. Turner yemwe anafika kumeneko mu 1802, ankafuna kuti woona achite nthumanzi ndi ukulu wa phirilo. Chotsani pepalalo mufelemu mosamala, mulione ndi galasi lokulitsa zinthu. Chakale chosindikizidwa ndi mbale ya mkuwa chimakhala ndi mzere wolowa m'kati pang'ono kuzungulira chithunzi, pomwe mbaleyo inatsindika pepala. Mukaona timadontho tandondomeko ngati ta m'nyuzipepala, ndiye kuti n'chamakono. Musayembekezere chuma, chifukwa zambiri ankazisindikizira alendo odzaona malo. Timadontho tofiirirato ndi ntchito ya chinyontho, choncho musatipukute ndi madzi ndipo musachipachike pakhoma lomwe limanyowa m'dzinja.

Wofunsa wa ku Area 47:
Zikomo kwambiri, aphunzitsi ndi amayi. Mzere wolowa m'katiwo ndaupeza, ukumveka ndi chala. Chithunzicho ndachichotsa pakhoma loyandikana ndi bafa.