Akuti sindine mkazi wawo poti chinkhoswe sichinachitike, ndichokedi m'nyumba?

Membala wobisa dzina:
A admin chonde dzina langa lisaoneke, azilamu anga ali m'gulu momwe muno.

Ndine mayi wa ana awiri, kwathu ndi ku Ntcheu koma ndimakhala ku Machinjiri. Ine ndi bambo a anawa tinayamba kukhalira limodzi mu 2015. Chinkhoswe sichinachitike. Amalume awo anafika kwathu kamodzi kudzadzionetsera, tinawaphera nkhuku, iwo n'kunena kuti mwambo tidzachita tikakolola. Kukolola kwake mpaka lero.

Mu 2019 tinagula puloti, papepala n'kulemba dzina lawo lokha. Nthawi imeneyo sindinaonepo vuto. Madzi oumbira njerwa ndinkatunga ndine kumjigo, ndili ndi pakati pa mwana wachiwiriyu. Malata onse 28 ndinagula ndi ndalama za kubanki m'khonde komanso za kaunjika amene ndimagulitsa mu Limbe. Malisiti ake ndinasunga m'kachitini ka mabisiketi, momwe muli makadi a kusikelo.

Mu 2022 anapita ku Joni. Chaka choyamba ankatumiza ndithu, kenako zinayamba kudukiza, pano miyezi 8 ngakhale ya sopo. Zoti kuli mkazi wina ndi khanda ndinazionera pa status ya alamu anga. Lamlungu lapitali apongozi aakazi anabwera ndi alamu aamuna. Ndinawayalira mkeka, anakana kukhala. Mawu awo anali akuti, "Inu mayi, mwana wathu sanakukwatireni. Ankhoswe anu ndani? Nyumbayi tikufuna tiikemo alendi. Mwezi ukamatha mukhale mutachoka, koma ana mutisiyire."

Chiyambireni tsiku limenelo tulo palibe. Kodi zaka zonsezi pamaso pa malamulo ndinali chibwenzi chabe? Angandichotsedi? Nanga ana angandilande?

Mayi wa ku Area 25:
Achemwali, choyamba musatuluke m'nyumbamo. Musanyamule ngakhale supuni. Mukangochoka nokha adzati munathawa banja. Kachitini kajako mukasungitse kwa m'bale wanu lero lomwe, malisitiwo muwajambulenso pa foni.

Bambo wa ku Mzimba:
Tisamanamizane apa. Popanda ankhoswe, popanda malowolo, palibe ukwati. Mumangosungana. Ana ndi a kwa bambo, nyumbanso pepala likunena kale mwini wake.

Mayi wa ku Area 25:
Bambo, za malowolo ndi za kwanu. Mayiwa ndi a ku Ntcheu, ndipo kumadera ambiri a chigawo chapakati ana amayendera kwa mayi, mwini mbumba ndi malume. Koma khoti silipereka mwana ngati mbuzi ya chiwongo ayi.

Wophunzira zamalamulo ku Zomba:
Ndiyankheko zimene tinaphunzira, koma mukaonanebe ndi loya. Lamulo la maukwati la 2015, Marriage, Divorce and Family Relations Act, limazindikira maukwati a mitundu inayi: wa kwa DC, wa mwambo, wa chipembedzo, ndi wa anthu amene akhala limodzi nthawi yaitali mpaka anthu n'kumawadziwa ngati banja. Onsewa mphamvu yake ndi imodzi. Mtundu wachinayiwu ndi umene ukukukhudzani. Sikuti umangochitika wokha, ndi khoti limene limanena kuti apa panali ukwati, ndipo limafuna kuti mukhale kuti munakhala limodzi zaka zosachepera 5. Limaonanso ngati munkakhaladi nyumba imodzi, mmene munkathandizirana pa ndalama, katundu amene munapeza, ana, komanso mmene anthu ankakuonerani. Inu 2015 mpaka 2022 ndi zaka 7. Ndiye mawu akuti "ankhoswe anu ndani" satseka nkhani.

Za nyumba, gawo 24 la malamulo aakulu a dziko lino limati banja likatha mayi ali ndi ufulu wolandira gawo loyenera la katundu amene anali wa awiriwo. Dzina la papepala lili ndi mphamvu, sindikubisirani, koma khoti limaonanso chimene aliyense anaikapo ndi cholinga chimene munamangira nyumbayo. Malata 28 si nkhani yaing'ono. Komanso apongozi si eni pulotiyo. Mwana wawo ali moyo, iwo akukuthamangitsani ngati ndani?

Membala wobisa dzina:
Zikomo achimwene, mtima watsikako. Koma umboni woti anthu ankatidziwa ngati banja ndiutenga kuti, poti abale awo onse atembenuka?

Wophunzira zamalamulo ku Zomba:
Sikuti mpaka akhale abale awo. Aneba, amfumu amene anasainira pepala la puloti, alandilodi amene munkachita lendi kwawo musanamange, akumpingo, amayi a kubanki m'khonde. Amalume anu amene analandira alendo tsiku la nkhuku lija ndi mboni yaikulu. Mauthenga a ndalama zimene ankatumiza musafufute.

Agogo a ku Chilomoni:
Mwana wanga, ine za makhoti ndimaziopa, zimatha nsapato. Tumani amalume anu akakumane ndi amalume awo aja. Anadya nkhuku yanu, sangakane kuti sakukudziwani. Mwamunayonso alankhule yekha, asamatume amayi ake. Mwina zoti muchoke iye sakuzidziwa n'komwe, pali ena akungofuna ndalama ya lendi.

Mayi wina wobisa dzina:
Agogo akunena zoona kuti zimatha nsapato, ine ndinayenda kukhoti ya majisitireti pafupifupi chaka. Tsiku lina mwamuna sanabwere, tsiku lina fayilo sikuoneka. Koma ndinapirira, ndipo ana anga atatu ndili nawo. Funso la khoti silinali lakuti kwanu ndi kwa chikamwini kapena chitengwa. Ankafuna kudziwa kuti anawa akhala bwino ndi ndani, amawasambitsa ndani, kusukulu amawalipirira ndani. A zachisamaliro cha anthu ku ofesi ya DC anabwera kudzaona pomwe timagona. Ndipo ndalama yothandizira ana siyendera ukwati. Lamulo la ana la 2010 limati kholo ndi kholo basi, kaya munakwatirana kaya ayi, ayenera kudyetsa, kuveka ndi kuphunzitsa mwana. Chovuta kwa inu n'chakuti munthuyo ali ku Joni, samani kuti imupeze si masewera. Ambiri amabwera mu Disembala, ndiye yambani panopa kuti akamafika zinthu zikhale zili m'njira.

Bambo wa ku Mzimba:
Ndiye mwamuna azivutika kunja, nyumba adzatenge mkazi?

Mayi wina wobisa dzina:
Palibe wanena kuti atenge yonse, bambo. Tikuti agawane. Kapena mukufuna azule malata ake, iwo atsale ndi zipupa?

Mlongo wa ku Ndirande:
Ngati ya loya mulibe pitani ku Legal Aid Bureau, ku Blantyre ofesi yawo ilipo, ntchito yawo ndi yothandiza anthu osowa ndalama zolipira loya. Apongoziwo akabweranso ndi zoopseza kapena kuyamba kutulutsa katundu, thamangirani ku Victim Support Unit kupolisi yapafupi. Osasainira pepala lililonse limene angabwere nalo, ngakhale atati ndi longogwirizana.

Membala wobisa dzina:
Ndawerenga zonse, Mulungu akudalitseni. Amalume ndawaimbira, akwera minibasi Loweruka. Kachitini kali kwa mng'ono wanga ku Bangwe. Bambo a anawa ndinawalembera usiku kufunsa ngati ndi iwo anatuma amayi awo, uthenga awerenga koma sanayankhe. Lolemba ndilawirira ku Legal Aid. Funso lina: malisiti awiri a malata anafufutika, pakungooneka deti ndi chidindo cha sitolo. Kabuku ka kubanki m'khonde kosonyeza ngongole imene ndinatenga mwezi womwewo kangathandize?