Mapepala a ambuye ndiwapereke kuti chiswe chisanawamalize?

Mdzukulu wa ku Old Chilenje:
Abale, ndigawireni nzeru. Mwezi watha tinkasesa m'chipinda cha ambuye athu aamuna, amene anatisiya chaka chatha, ndiye tinatulutsa tiranki yachitsulo ija ankaletsa aliyense kuikhudza. Tonse tinkati muli ndalama. Kutsegula, mapepala okhaokha! Muli chitupa chawo cha nthawi ya atsamunda, cholembedwa kuti kwawo ndi Fort Jameson, Chipata wa lero. Mulinso malisiti a msonkho, khadi lothimbirira la UNIP, chipani cha a Kaunda, ndi chithunzi ataima pambali pa njinga, atavala kabudula wa khaki wosita bwino. Pangodya imodzi chiswe chinalowa kale, makalata atatu angosanduka ufa.

Amalume akuti tingowotcha, za omwalira zimapita ndi eni ake. Ine mtima ukukana. Ambuye ankatiuza kuti ankawaona a Kaunda akutuluka m'nyumba nambala 394 muno mu Chilenje, momwe a Kaundawo anakhala kuyambira 1960 mpaka 1962. Nyumba ija boma linaisunga, ndi Land Rover imene a Kaunda ankayendera ili pomwepo. Nanga za anthu wamba amene ankayenda khomo ndi khomo kugulitsa makhadi a chipani amasunga ndani? Alipo malo kapena gulu muno mu Lusaka lolandira zotere?

Mphunzitsi Wopuma, Libala:
Mwanawe, usawotche. Amalume ako uwalankhule mwaulemu, koma tiranki uichotse pansi lero lomwe, ikhale pamwamba pouma. Mapepala kwawo ndi ku National Archives, pa Government Road ku Ridgeway. Zinthu zogwirika, monga zovala ndi ziwiya zakale, kafunse ku Lusaka National Museum pa Independence Avenue, imene inatsegulidwa mu 1996. A National Heritage Conservation Commission ntchito yawo ndi nyumba ndi malo, monga 394 yanuyo ndi nyumba 3144 ya ku Matero imene inali likulu la UNIP.

Chimene ndikukupempha kwambiri: usamate selotepi, ndipo usapite nacho chitupacho kwa anyamata a lamineti. Pulasitiki ija ikagwira siichokanso, pepala limapsa mkati. Chotsa mapini, chifukwa dzimbiri limadya pepala mofanana ndi chiswe. Jambula chilichonse pa foni, kutsogolo ndi kumbuyo. Maina ulembe ndi pensulo kuseri kwa chithunzi, osati bolopeni.

Mayi wa ku Matero:
Ine ndinapsa kale. Anabwera anyamata ena ovala bwino, akuti akukonza chionetsero cha mbiri ya mzinda. Ndinawapatsa zithunzi zisanu za ukwati wa amayi anga. Mpaka lero bii, nambala yawo siigwira. Kulikonse kumene mupereke, akulembereni pepala losainidwa, lonena ngati mwabwereketsa kapena mwapereka ndithu.

Mkulu wa ku Kabwata:
Aphunzitsi anena zoona, koma ine ndikuti musadikire boma pa chilichonse. Kuno kunali nyumba zozungulira zaudzu zambirimbiri zomwe atsamunda anamangira antchito achikuda. Anazigwetsa kuti amange mafulati, zinapulumuka 43 zokha mu 1974, ndiye Kabwata Cultural Village imeneyi. Alendo amagula ziboliboli n'kumapita, palibe wofunsa kuti munkagona ndani. Funsani mwana wa ku Marrapodi kuti dzinalo linachokera kuti. Sadziwa kuti anali Mtaliyana wowotcha laimu. John Laing, John Howard, George, onsewa ndi maina a anthu. Tikanakhala asanu kapena asanu ndi mmodzi, tikumakumana pa tchalitchi kamodzi pa mwezi, wina ndi foni, wina ndi kope, tikanatola zambiri. Pepala limatha kudikira chaka china. Nkhalamba ndiye sizidikira.

Mdzukulu wa ku Old Chilenje:
Zikomo nonse. Tiranki tsopano ili pamwamba pa wadulobu, ndipo amalume afewa ataona dzina la atate awo pa chitupa. A ku Kabwata, ndiwerengeni, foni ndili nayo. Dzulo ndinawaonetsa ambuye aakazi chithunzi chija. Anachiyang'ana nthawi yaitali, kenako anaseka mpaka kutsokomola. Akuti njingayo sinali yawo, anabwereka kwa mnzawo wa ku njanji kuti akawafunsire. Loweruka ndikupitanso kukawajambula mawu, andilamula kuti ndibwere ndi shuga ndi mabanzi.